Zitseko za galimoto yodzimangira: ndiike pulasitiki yanji m'kati?

FUNSO: Amisiri, ndatha zaka ziwiri ndikumanga galimoto pa chasisi ya Hilux yakale, chitsulo ichi lero, chinacho ndikagulitsa mtedza. Tsopano ikuyenda, koma zitseko zili zosavala m'kati chifukwa mahadibodi akale anafufuma ndi madzi n'kuyoyoka. Wolemba zikwangwani wina kuno ku Chipata akufuna kundigulitsa bolodi loyera lopepuka lija amalembapo mayina a mashopu, pomwe mnzanga akuti ndigule Perspex. Galimotoyi iziyenda msewu wa Chadiza ndi wa Mfuwe. Nditenge chiti?

YANKHO: Achimwene, mwagwira ntchito yaikulu. Anzathu akunja amagula kit car, galimoto yobwera m'zidutswa zopimidwa kale, koma inu chidutswa chilichonse mwachita kuchisaka nokha. Ndiye tisaiwonongere kumapeto. Ziwiri mwatchulazo zisiyeni, funani pulasitiki yotchedwa ABS ya mamilimita 3.

Ya Perspex, pulasitiki yoonekera ngati galasi ija, sinditayapo nthawi. Ndi yolimba koma yosapirira, imasweka ngati galasi. Kamng'alu kamayambira pabowo la sikuluu, ndipo mabampu a msewu wafumbi amakakulitsa tsiku ndi tsiku. Choopsa kwambiri n'chakuti pangozi imasanduka mipeni, ndipo ili pafupi ndi bondo ndi nthiti za munthu.

Bolodi la zikwangwani lija ndi PVC ya thovu, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake likukukopani. Ndi lopepuka, limadulika ndi mpeni, madzi saliopsa, komanso lili pompano. Chimene limagonja nacho ndi kutentha. Limayamba kufewa likangopitirira madigiri 60. Mu October ku Mfuwe panja pamafika madigiri 40, ndiye ganizani m'galimoto yotseka mawindo itaima padzuwa masana onse. Ine ndinaikapo bolodi limeneli m'zitseko za minibasi ina nthawi yozizira, likuoneka bwino zedi. Dzuwa la October litadutsa, mwini wake anabwera nalo litapindika cha kumtunda, masikuluu atang'amba mabowo, pogunda mawondo a okwera pali timaenje. Ndinabwereza ntchito yonse ndi ndalama zanga, ndipo zinandipweteka chifukwa munthuyo anali atandikhulupirira. Ngati muli nalo kale, zotsala zake musaziponye pamoto, utsi wake umawononga m'chifuwa.

ABS imapirira mpaka pafupifupi madigiri 100 isanayambe kufewa, ndipo mukaimenya imagonjera pang'ono m'malo mosweka. Opanga magalimoto nawonso amaigwiritsa ntchito. Mukapita kogulitsa masipeya akale, tembenuzani mapulasitiki a m'kati mwa galimoto, pa ena muona chidindo cha >ABS<. Pogula, funani yakuda yokhala ndi timizere tonga chikopa mbali imodzi, chifukwa imabisa zokandika ndipo simufunikanso kuikuta. Bolodi lathunthu limakhala la mamilimita 1220 ndi 2440, lomwe kawirikawiri limakwana zitseko zinayi ngati mwapima mosamala. Ya mamilimita 2 imagwedera ndi kulira pamsewu woipa, ya 5 ndi kulemera chabe ndi kutaya ndalama. Mwina muchita kuitanitsa ku Lusaka. Muuze oikweza kuti aigoneke pansi mosalala, asaiimike mopinda pakati pa matumba.

Musagule ndi pakamwa pa wogulitsa pokha. Pemphani kachidutswa. Donthezani acetone pang'ono, ija amayi amachotsera utoto wa m'zikhadabo: ABS imayamba kumata pomwepo. Kaponyeni m'madzi: ABS imamira. Kapindeni: imayera popindikapo isanathyoke. Kachidutswa kakayandama, acetone osakachita kanthu, ndipo kakuterera m'manja ngati kandulo, mwina ndi HDPE, ya mtundu wa zigubu ija. Imeneyo ndi yabwino kuyala kumbuyo konyamulira katundu, koma guluu ndi penti sizigwirapo, ndiye pachitseko ikuvutitsani.

Podula, yambani ndi katoni. Idulidwe mpaka ikhale bwino pachitseko, mabowo a chogwirira ndi chotsitsira galasi onse ali m'malo mwake, kenako mukopere pa pulasitiki. Sowo ikhale ya mano ang'onoang'ono ndipo musaithamangitse, apo ayi pulasitiki imasungunuka n'kumatananso kumbuyo kwa sowo. Pofuna kupinda, gwiritsani heat gun (chipangizo chouzira mpweya wotentha), mukuiyendetsa osaimika pamodzi, kenako mupanikize pathabwa mpaka izizire. Mbaula ayi. ABS ikagwira moto imayaka ndi utsi wakuda bii.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: pulasitiki imatambasuka ikatenthedwa kuposa chitsulo. Bolodi la mita imodzi limatha kutalika ndi mamilimita pafupifupi 3 pakati pa m'mawa wa June ndi masana a October. Mukabowola mabowo othina n'kumanga masikuluu mpaka kumapeto, lisowa kopita ndipo litukuka pakati ngati mimba. Bowo likhale lokulirapo kuposa sikuluu, muike wasa, ndipo mumange mongogwira. Timatepi ta siponji kumbuyo kwake tithetsa phokoso. ABS ili ndi zofooka zake ndithu: dzuwa lachindunji limaikalambitsa, ndiye m'mphepete mwa windo mupake penti kapena mukutepo rexine, nsalu yonga chikopa ija. Thinner ndi petulo zisaiyandikire, ndipo guluu wa contact muyambe mwamuyesa pa chotsala chifukwa wina amaidya.

Tsopano chimene chikundidetsa nkhawa m'funso lanu ndi madzi aja anafufumitsa mahadibodi. Madzi a mvula amalowa ndithu m'chitseko kudzera pa labala ya galasi, ndipo pansi pa chitseko pali timabowo toti azitulukira. Fumbi la msewu wa Chadiza likasakanikirana ndi madzi limatseka timabowoto ngati simenti, chitseko n'kusanduka mtsuko. Hadibodi inkakuchenjezani pofufuma. ABS siifufuma, idzakhala yokongola kunja pomwe dzimbiri likudya chitsulo kuseri kwake. Choncho musanaike kalikonse, tokosani timabowoto ndi waya, palani dzimbiri, pakani penti yoteteza chitsulo, ndipo mumate pepala la pulasitiki lochindikala pachitsulo cha chitseko, m'munsi mwake mulowetse m'kati kuti madzi azitsetserekera kumabowo. Kenako thirani ndowa yamadzi pagalasi lotseka, muwerame muone ngati akutuluka pansi. Akatuluka bwino, mangani mabolodi anu mvula ya November isanafike.