Anzathu akale tizingoonana nawo pamaliro basi?

Achimwene a ku Salima, kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mwati munaonera gawo lachiwiri la filimu yoseketsa ya amuna anayi okulira limodzi, omwe tsopano ali ndi akazi, ana ndi imvi, ndipo itatha munafuna kusonkhanitsa anzanu akale ku Senga Bay. Koma pagulu lanu la WhatsApp aliyense akungoti "tiona". Mwafunsa kuti mutani.

Mwandikanda pachilonda.

Ife tinalipo asanu pa boma pa Nkhotakota. M'mawa tinkathandiza asodzi kukoka khoka, iwo n'kutipatsa kambale ka usipa, ife n'kugulitsa kuti tipeze ya vidiyo shoo. Television Malawi inadzayamba mu 1999, ife tinali titameza kale mafilimu ambirimbiri pamabenchi, chitseko chotseka, thukuta kamukamu. Ilala ikaliza hutala tinkathamangira kunyanja ngati muli m'bale wathu. Dzuwa likaswa mtengo tinkakakhala kumishoni, pansi pa mkuyu uja amati David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, n'kumalonjezana kuti tikadzakula tidzamanga nyumba moyandikana.

Tinakuladi. Wina anakalowa ntchito kunzimbe ku Dwangwa, wina anapita ku Joni, wina ndi mphunzitsi, ine ndili kuno. Wachisanu anatsala kunyanja, ankagulitsa nsomba pa mlatho wa Chia. Tsiku lina ndili m'minibasi pa msewu wa M5 ndinamuona, chambo chili m'manja, ndevu zitayamba kuyera. Anandizindikira, anathamangira pawindo n'kundiponyera nsomba ziwiri pamiyendo, osafuna kumva za ndalama. Kondakitala anali akumenya kale chitseko. Ine ndinangokuwa kuti, "Aise, ndibwera pa Khirisimasi!" Sindinatsike. Khirisimasi ija isanafike tinamuika m'manda.

Usiku wa maliro akewo ndi pamene anayi otsalafe tinakhalanso pamodzi, kuzungulira moto panja, amayi akuimba m'nyumba. Wa ku Dwangwa anakumbutsa za tsiku limene malemuyo anagwa m'bwato akudzionetsa kwa atsikana, ndipo tinaseka mpaka misozi, mpaka mkulu wina anabwera kudzatitonthoza. Gawo lathu lachiwiri linali limenelo, mwini nthabwala atagona m'bokosi. Mpaka lero zimandiwawa.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anthu onyoza mafilimu otere kuti ndi zachibwana, ati nthabwala zake n'zobwereza. Inde n'zobwereza! Anzako akale umawafunira chiyani ngati si nkhani yomweyo imene mwaikamba kakhumi? Taganizani za Izeki ndi Jakobo. John Nyanga ndi Eric Mabedi ankatiseketsa asanatsegule n'kamwa komwe, chifukwa tinkaona anthu awiri odziwana mpaka m'mitsempha. A Nyanga atamwalira mu 2016, a Mabedi anapitirizabe zisudzo mpaka nawonso anatisiya mu 2021, koma aliyense ankaona kuti pambali pawo pali malo opanda munthu.

Chimene mafilimuwa amabisa ndi ndalama. Anthu a m'menemo amangonyamuka, nyumba ya kunyanja ilipo, galimoto zilipo. Kwathu kuno munthu wa zaka 45 ali ndi fizi ya ana, feteleza, mayi odwala kumudzi ndi ana amasiye a mchemwali wake. Akakuyankhani kuti "tiona" sikuti wakutayani. Akuwerengera ya thiransipoti, ndipo akuchita manyazi kunena pagulu pomwe pali anzake oyenda pa galimoto zawo. Ife amene zinthu zatiyenderako pang'ono timalakwa kwambiri pamenepa, ndikunena mosabisa. Timasankha loji, timatchula chopereka, kenako timadabwa kuti anthu ali zii. Pamaliro palibe amafunsa kuti wavala chiyani kapena wabwera pa chiyani, n'chifukwa chake pamadzaza.

Ndiye pali ana athu. Mwana wanga woyamba anadutsana ndi mwana wa malemu uja pamanda osadziwana, pomwe abambo awo ankadya kondowole m'mbale imodzi. Akazi athu ena sanapatsanepo moni. Zimenezi tinazilola tokha.

Za ku Senga Bay

Iwalani kaye za loji, achimwene. Tulukani pagulupo, muimbire mmodzimmodzi, mumve mawu ake. Tchulani tsiku lenileni, mwezi ukangotha anthu atalandira, ndipo malo akhale pakhomo panu. Mpunga wa ku Lifuwu ndi nsomba zakwana. Amene mukudziwa kuti zikumuvuta mutumizireni ya ulendo pa foni mwakachetechete, ena asadziwe. Auzeni abwere ndi akazi ndi ana. Akabwera awiri okha, phikani, idyani, musadikire kuti mukwane.

Ine wa ku Dwangwa uja ndamuimbira dzulo nditawerenga kalata yanu. Akuti shuga ikumuvuta ndipo maso ayamba kuchita chifunga. Loweruka ndikukwera minibasi, ndipo pa Chia nditsika kukaona mlamu wanga ndi ana.