Mafunso ndi Mayankho: Nyanja ya Chilwa, Napolo ndi Bowa wa M'dzinja

Funso: Ndine mnyamata wa ku Kachulu ndipo ndimathandiza bambo anga pa ntchito ya usodzi. Agogo anga amanena kuti Nyanja ya Chilwa imaphwa chifukwa anthu anasiya kuthira nsembe ndi kulemekeza malo a mizimu, pomwe aphunzitsi athu amati vuto ndi kusintha kwa nyengo. Kodi akunena zoona ndani? (Wowerenga wa ku Kachulu)

Yankho: Achimwene, tiyambe ndi mmene nyanjayi inakhalira. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi monga mmene Shire amatulutsira madzi a m'Nyanja ya Malawi, ndipo m'malo ambiri kuya kwake sikupitirira mamita awiri kapena atatu. Madzi ake amachokera ku mvula ndi ku mitsinje monga Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani, ndipo amachokamo pouma ndi dzuwa ndi mphepo, n'chifukwa chake amamveka kamchere m'kamwa. Mvula ikavuta zaka ziwiri kapena zitatu zotsatizana, madzi ouma amachuluka kuposa amene mitsinje ikubweretsa, ndipo nyanja imayamba kubwerera m'mbuyo. Inaphweratu mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato ambiri anatsala pamatope ong'ambika. Aphunzitsi anu akunena zoona kuti kutentha kukuchuluka ndipo mvula siikupanganika, koma kuphwa kwa Chilwa kunalipo ngakhale m'masiku amene nsembe zinkathiridwa chaka ndi chaka.

Komabe musawapeputse agogowo. Za nsembe ndi mizimu ndi nkhani ya chikhulupiriro cha munthu, ndipo sindingaweruze pa tsamba lino, koma mwambo umene akuulirawo unali ndi malamulo ake: panali malo amene munthu sakanadulapo mtengo, panali nyengo imene nsomba zinkasiyidwa kuti ziswane, ndipo mfumu ikaletsa chinthu anthu ankamvera. Phindu la malamulo otere limaoneka nyanja ikaphwa. Matemba, makumba ndi milamba sizifa zonse, zina zimathawira m'maiwe akuya a m'mitsinje ndi m'madambo, ndipo zotsalazo ndi zimene zimadzazanso nyanja madzi akabwerera. Mu 1995 mafumu a m'mphepete mwa nyanjayi anagwirizana ndi a nthambi ya za usodzi kuletsa katupe (chomera chophera nsomba) ndi makoka m'maiwe amenewo, ndipo madzi atabwerera nsomba zinabwereranso.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi chakuti maiwe omwewo akukwiririka. Mapiri ndi zitunda zikakhala zopanda mitengo, ndipo anthu akamalima mpaka m'gombe lenileni la mtsinje, mvula imakokolola dothi n'kukalithira m'malo akuya aja. Onjezani kutentha njedza mosasamala, pomwe ndi m'mene ana a nsomba amabisala ndiponso mbalame zimaikira mazira, komanso kukokera nsomba ndi neti za udzudzu zimene sizisiya ngakhale kansomba kongobadwa kumene. Chilwa inalembedwa m'gulu la madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaizindikira ngati malo osungirako zachilengedwe, koma amene amaona neti ikulowa m'madzi usiku ndi inu a ku Kachulu ndi a ku Chisi. Chotero ndikukupemphani kuti mukhale pansi ndi agogowo, muwafunse maina a maiwe amene nsomba zinkathawirako m'zaka za chilala, kenako mukaone nokha ngati akadali akuya, ndipo zimene mwapezazo mukazipereke ku komiti ya pa doko ndi kwa amfumu.

Funso: Mayi anga ankatiuza kuti m'Phiri la Zomba muli Napolo, chinjoka chimene chikamasamuka kupita kunyanja chimagumula phiri ndi kukokolola nyumba. Ku mpingo kwathu ena amati zimenezi ndi zachikunja. Kodi ndiwauze ana anga kapena ndingozisiya? (Mayi wa ku Chinamwali)

Yankho: Mayi, auzeni, koma muwauze pamodzi ndi mbiri yake. Mu Disembala 1946 kunagwa chimvula choopsa pa Phiri la Zomba, nthaka inagumuka, madzi osakanikirana ndi miyala ndi mitengo anatsikira m'tauni, milatho inapita ndipo anthu anamwalira. Akuluakulu a nthawiyo anati wadutsa Napolo. Zofananazo zinaoneka ku Phalombe mu Malichi 1991, pamene phiri la Michesi linagumuka, ndiponso mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy, amene anatenga miyoyo ya anthu mazanamazana m'chigawo cha kummwera.

Chimene chimachitika n'chakuti mvula ikagwa masiku angapo osalekeza, dothi la pamalo otsetsereka limamwa madzi mpaka kulemera kwambiri, ndipo pansi pake pamene pali thanthwe pamaterera, kenako lonse limatsika nthawi imodzi motsata zigwa ndi mifuleni. Mizu ya mitengo imagwira dothi ndipo imachepetsa liwiro la madzi, n'chifukwa chake kudula mitengo mosabwezera ndi moto wolusa wa m'chilimwe pa phirili zimakulitsa ngozi. Ndiyenera kunenanso kuti mvula ikafika pa msinkhu wa 1946, ngakhale nkhalango yowirira siingaletse kugumuka konse, choncho malo omanga nyumba ndi ofunika kuwalingalira mozama.

Apa ndi pamene nkhani ya mayi anu ili ndi ntchito. Anthu amene ankakhulupirira kuti Napolo ali ndi njira yake ankaopa kumanga m'njira imeneyo, ndipo ankakumbukira chigwa chilichonse chimene madzi anadutsamo kale. Mwana wa ku Chinamwali, ku Matawale kapena ku Sadzi amene akudziwa kuti madzi amabwerera m'njira yawo yakale adzaganiza kawiri asanagule malo otchipa m'mphepete mwa Likangala kapena pansi pa chitunda chong'ambika. Simukuchimwira chikhulupiriro chanu pouza ana kuti makolo ankatchula ngoziyi Napolo, ndi kuti madzi a m'khwawa akasanduka matope mwadzidzidzi, kapena kuphiri kukamveka mkokomo mvula ili mkati, ayenera kuthawira pamalo okwera osadikira kusonkhanitsa katundu. Muwakumbutsenso kuti madzi a m'mipope ya mu mzindawu amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri lomwelo, ndipo dothi likamakokoloka limakathera m'damumo.

Funso: Kale m'dzinja tinkazula bowa wa manyame pafupi ndi mudzi, koma masiku ano timayenda mtunda wautali, ngakhale tinabzala bulugamu wambiri. Chavuta n'chiyani? (Gogo wa ku Domasi)

Yankho: Agogo, bowa amene mukunenayo amakhala mogwirizana ndi mizu ya mitengo yachilengedwe monga mombo, tsamba ndi msuku. Timizu take tosaoneka bwino timakulunga mizu ya mtengo, n'kumauthandiza kuyamwa madzi ndi chakudya cha m'nthaka, ndipo mtengowo umabwezera chakudya chimene wapanga m'masamba. Mtengo ukapita ku makala, bowa nayenso amatha, ndipo bulugamu kapena paini, ngakhale ali wofunika pa milimo, matabwa ndi nkhuni, sangalowe m'malo mwa nkhalango yotere. Mukayang'ana kumanda a m'mudzi mwanu mupeza kuti mitengo yakale ikadalipo, chifukwa mwambo suloleza munthu kulowamo ndi nkhwangwa popanda chilolezo cha amfumu.

Mitengo ya mtundu umenewu imavuta kumera ku nazale ndipo imakula pang'onopang'ono, koma zitsa zake zimaphukanso bwino ngati zasiyidwa. Lamulo la za nkhalango la 1997 limalola mudzi kupatula malo kuti akhale nkhalango ya m'mudzi yoyang'aniridwa ndi komiti yake. Kambiranani ndi amfumu kuti mupatule chitunda chimene chikadali ndi zitsa zamoyo, mulambule mphepete mwake moto usanayambe, mbuzi zisalowemo, ndipo pa chitsa chilichonse musiye mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo muzisadza. Alangizi a za nkhalango a m'dera lanu angakuthandizeni kulemba malamulo a nkhalangoyo kuti azindikirike ku boma, ndipo pozula bowa akadzayambanso kumera muzisiya wina wokhwima kuti afese mbewu zake.