Anapita yekha kuchipinda kwa mnyamatayo, ndiye tinganene kuti anagwiriridwa?

Kalata iyi yachokera kwa mtsikana wa chaka chachiwiri pa koleji ina kuno ku Thyolo. Sukulu sanaitchule, nanenso sindinafunse. Akuti mnzake wogona naye chipinda chimodzi anapita Loweruka kunyumba ya lendi kwa chibwenzi chake kukatenga laputopu. Mnyamatayo anakiya chitseko, mtsikana anakana mpaka kulira, koma zinachitikabe. Tsopano sakudya, kukalasi sakupita, akungoti "ndinaziyamba ndekha." Funso la wolembayo ndi lakuti: kodi kumeneku n'kugwiriridwa, popeza awiriwo ali pachibwenzi? Nanga iye athandize bwanji?

Achemwali, kumeneko n'kugwiriridwa. Gawo 132 la malamulo a milandu, Penal Code, limati kugona ndi mkazi iye asanavomere, kapena atavomera chifukwa chokakamizidwa kapena kuopsezedwa, ndi mlandu wogwiririra, ndipo munthu akhoza kukhala kundende moyo wake wonse. Kulowa m'nyumba ya munthu si kuvomera. Kugulilidwa chipisi ndi bandulo ya pafoni si kuvomera. Ngakhale anagonanapo mwezi watha, Loweruka lija anakana, basi.

Koma za khoti zidikire kaye, chofulumira ndi chipatala. Mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28 osadumphitsa. Mapiritsi oletsa mimba apangozi amathandiza mpaka masiku 5, koma mphamvu yake imachepa tsiku lililonse. Ku chipatala chachikulu cha boma pa Thyolo kapena pa Mulanje salipiritsa. Ngati maolawo adutsa kale, apitebe. Kuli kuyezetsa, mankhwala a matenda ena opatsirana pogonana, ndi lipoti la adokotala lomwe lingadzakhale umboni. Zovala za tsiku limenelo asachape, azikulunge m'pepala osati m'jumbo. Mauthenga a pa WhatsApp, makamaka aja oti "pepa bebi, sindinafune," asafufute.

Pamene anzathu ambiri timalakwitsa ndi apa. Timakwiya, n'kuthamangira kukauza gulu lonse la kalasi, kapena kumukoka mnzathu kupita kupolisi asanakonzeke. Munthuyu analandidwa kale ufulu wosankha, inu musamulandenso kachiwiri. Khalani naye pabedi pomwepo, mumuphikire tiyi, mumuuze momveka kuti "ndakukhulupirira, sunalakwe." Funso loti unapitiranji lisatuluke pakamwa panu. Mumufotokozere njira zomwe zilipo: ofesi ya Victim Support Unit ku polisi, komwe amamva nkhani zotere pambali, nambala yaulere ya 5600 ya bungwe la YONECO, ofesi yoona za ophunzira pasukulu yanu. Asankhe yekha, inu mumuperekeze.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ophunzira akamalandiridwa chaka choyamba, uphungu wonse umagwera atsikana: musavale zazifupi, musayende usiku. Chonsecho ogwiririra ambiri si achilendo obisala m'minda ya tiyi, ndi anthu omwe wogwiriridwayo amawadziwa, wina wa m'gulu lowerengera limodzi, wina wa kwaya. Anyamata amene akuphunzira ku yunivesite ya MUST ku Ndata, ku Malamulo, ku Mulanje Mission ndi kwina konse ayenera kumva kuchokera kwa anyamata anzawo kuti mawu aja oti "mkazi akati ayi ndiye kuti eya" ndi bodza lomwe limaononga moyo wa mwana wa eni ake. Woledzera kapena wogona tulo sangavomere kanthu. Ndipo mphunzitsi wofuna thupi posinthana ndi malikisi akuswa lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi, Gender Equality Act la 2013.

Inunso mwasenza katundu wolemera, achemwali. Nambala ija mukhoza kuyimba panokha, osatchula dzina la mnzanuyo, akulangizeni poyambira. Koma kuchipatala kokha, mumupemphe mupite lero lomwe.