Funsani Abusa: Kodi Ndisiye Choko Ndipite ku Niassa?

FUNSO

Abusa, ndine mphunzitsi wa pulayimale m'boma la Dedza. Ndili ndi zaka 34 ndipo ndine dikoni mumpingo wathu wa CCAP. Chaka chatha pamsonkhano wa chitsitsimutso kunabwera mlaliki wina amene anatifotokozera za midzi ya ku Niassa, m'dziko la Mozambique, kumene akuti munthu ungayende mtunda wautali osaona tchalitchi. Chimvereni zimenezi mtima wanga suli m'malo. Ndimalota nditaima pansi pa mtengo wa mango ndikuphunzitsa anthu amene sindiwadziwa. Mneneri wina wa m'tauni nditamufotokozera anati Mulungu anandiitana kale, ndisiye ntchito mwezi uno, koma ndiyambe ndafesa mbewu ya K150,000 kuti makomo atseguke. Mayi akunyumba akukanitsitsa. Tili ndi ana atatu, ndipo mayi anga, omwe ndi amasiye, amadalira ine pa feteleza ndi mankhwala a BP. Abusa a pampingo pathu sindinawauze poopa kuti andiseka. Ndingadziwe bwanji kuti amene akundiitana ndi Mulungu? Nanga ndikachedwa sindikhala ngati Yona?

Mphunzitsi wosowa mtendere, Dedza

YANKHO

Aphunzitsi, ndiyambe ndi zimene sizifuna kudikira. Ndalama ija musapereke. Kalata yosiyira ntchito musalembe mwezi uno, ngakhalenso wamawa. Munthu amene akuika mtengo pa maitanidwe anu akuchita malonda basi. M'Baibulo amene anayesa kusakaniza ndalama ndi mphatso ya Mulungu ndi Simoni wamatsenga uja wa ku Samariya, ndipo mukawerenge Machitidwe 8 muone mmene Petro anamuyankhira. K150,000 imeneyo ikathandize pa feteleza wa mayi anu.

M'kalata yanu yonse chimene chandiimitsa mutu si malotowo ayi, koma mawu akuti abusa anu simunawauze. Nkhani yaikulu chonchi mwakaitula kwa munthu amene sakudziwani. Sadziwa ngati mumapezeka ku mlaga mvula ikamagwa, sadziwa mmene mumasungira chopereka monga dikoni, sadziwa mmene mumayankhulira ndi mayi akunyumba mukapsa mtima. Amene amadziwa zonsezi ndi amene mwawabisira. Chonsecho iwowo ndiwo angakuthandizeni kusiyanitsa mawu a Mulungu ndi kutenthedwa mtima kumene tonsefe timakhala nako tikamva ulaliki wamphamvu usiku wa chitsitsimutso.

Taganizirani za Paulo. Palibe anaitanidwa momveka bwino kuposa iyeyu: kuwala kochokera kumwamba, mawu omutchula dzina, maso mpaka kuchita khungu. Anayambadi kulalikira pomwepo ku Damasiko, koma ulendo wake woyamba wotumidwa ndi mpingo unadza patapita zaka zoposa khumi. Barnaba anachita kukamutenga kwawo ku Tariso, n'kuphunzitsa naye chaka chathunthu ku Antiokeya. Nthawi itakwana, Mzimu Woyera sananong'oneze Paulo payekha. Anayankhula kwa mpingo uli pa kupembedza ndi kusala kudya, kuti uwapatule awiriwo, ndipo mpingo unawasanjika manja n'kuwatumiza (Machitidwe 13:1-3). Timoteo ndiye sitimva n'komwe kuti analota. Chimene timamva n'chakuti abale a ku Lustra ndi ku Ikoniyo ankamuchitira umboni wabwino, Paulo n'kumutenga.

Maloto sindiwanyoza. Paulo yemweyo ali ku Trowa anaona m'masomphenya munthu wa ku Makedoniya akupempha thandizo. Koma onani kuti anali kale paulendo, ntchito ili m'manja, ndipo anali ndi anzake amene anagwirizana naye kuti akuwaitana ndi Mulungu. Onaninso kuti panali wopempha. Inu ku Niassa wakupemphani ndani? Kumeneko mpingo uliko kale. Aangilikani akhala m'mbali mwa nyanja kuyambira nthawi ya UMCA, bungwe lawo lakale la umishonale, ndipo ali ndi dayosizi yawo, Akatolika aliko, mipingo ina ilikonso ndi abusa ake a komweko. Mmishonale wa masiku ano amapita kukagwira ntchito pansi pa anthu amenewa, osati kukawaposa.

Ambiri tikamva za umishonale timaganiza za azungu okhaokha, a Robert Laws amene anafika ku Cape Maclear mu 1875, kapena a A.C. Murray amene anayambitsa Mvera mu 1889. Timaiwala anthu akuda amene anasiya kwawo chimodzimodzi. William Koyi anachokera ku Lovedale ku South Africa mu 1876, ndipo ndiye anatsegula njira pakati pa Angoni a M'mbelwa, chifukwa chiyankhulo chake chinali pafupi ndi chawo pamene azungu sankamvana nawo. Anamwalirira komweko ku Njuyu mu 1886. Harry Kambwiri Matecheta anatumidwa ndi mishoni ya Blantyre kwa Angoni a ku Nthumbi ku Ntcheu mu 1893, ubusa n'kudzaulandira mu 1911. David Kaunda, bambo ake a Kenneth Kaunda, anali mphunzitsi ngati inu nomwe pamene Livingstonia inamutumiza kwa Abemba ku Chinsali. Leonard Kamungu wa Aangilikani anatumikira ku Nkhotakota asanatumizidwe ku Msoro ku Zambia, kumene anamwalira mu 1913. Mwa onsewa palibe anangodzuka n'kumanga katundu yekha. Anaphunzira, anayesedwa pa ntchito yaing'ono, kenako anatumidwa ndi anthu amene ankadziwa kumene ali ndi zimene akudya.

Nkhani ya Koyi ikundifikitsa pa chiyankhulo. Ku Niassa mukakumana ndi Chiyao, Chimakua, Chinyanja cha m'mbali mwa nyanja, ndipo kumaofesi ndi kusukulu Chipwitikizi. Tsono ndikufunseni: m'boma lanu lomwelo la Dedza muli Ayao ambiri, ndipo n'kutheka kuti ana awo ena ali m'kalasi mwanu. Makolo awo munayamba mwawapatsako moni m'Chiyao? Kumaliro kwawo mumapita? Sindikunena kuti musandutse kalasi kukhala guwa, zimenezo n'zolakwika ndipo boma silinakulembereni ntchito imeneyo. Ndikunena kuti chikondi cha pa anthu akutali amene simunawaone n'chosavuta. Chimayesedwa ndi Myao amene mumagulako tomato pamsika. Ndipo chotsani m'mutu chithunzi cha anthu ongokhala pansi pa mango kudikira inu. Ayao ambiri a ku Niassa ndi Asilamu, ali ndi mizikiti yawo, mashehe awo, mafumu awo ndi ulemu wawo. Wopita kumeneko amapita ngati mlendo, amayamba wamvetsera zaka ndithu, amasiya nkhumba ndi mbewa posafuna kukhumudwitsa eni mudzi, ndipo angathe kukalamba atabatiza anthu owerengeka pa zala. Ngati mtima wanu ukufuna khamu la anthu otukula manja, mukakhumudwa msanga.

Tsopano mayi akunyumba. Pano ndilankhula mosapsatira: ngati iwo sanavomere, nthawi siinakwane. Musawaone ngati chopinga cha Satana, ngakhale wina atakuuzani choncho. Amene akatunge madzi kumudzi wachilendo opanda mnzawo wocheza naye ndi iwowo. Amene akagone kuchipatala mwana akadwala malungo inu muli kumidzi ndi iwowo. Ana anu akalowa sukulu yophunzitsa m'Chipwitikizi, woyambayo mwina atatsala pang'ono kulemba mayeso a Sitandade 8. Mayi akafunsa zimenezi sakusowa chikhulupiriro, akuwerengera mtengo wake monga Yesu ananenera pa Luka 14. Pa ubusa wanga ndinaonapo bambo wina amene ananyamuka mokakamiza banja lake. Analidi wodzipereka, koma asanakhazikike n'komwe mkazi anabwerera kwa makolo ake ndi ana, ndipo anthu amene ankawalalikira anayamba kufunsa kuti uthenga wotha banja ndi uthenga wanji. Mulungu amene angakuitaneni inu sangalephere kuyankhula ndi mkazi wanu. Mpatseni Mulunguyo mpata, ndipo inu lekani kuwalalikira pa nthawi ya nsima.

Za mayi anu kumudzi, werengani Marko 7, pamene Yesu anadzudzula anthu omana makolo awo thandizo ponamizira kuti chuma chawo anachipereka kwa Mulungu, komanso 1 Timoteo 5:8. Izi sizitanthauza kuti wokhala ndi kholo lamasiye sangapite ku umishonale. Zikutanthauza kuti musananyamuke mukhale pansi ndi abale anu ndi malume, mugwirizane kuti feteleza ndi mankhwala zizichokera kuti.

Ndalama ndi nkhani imene mipingo yathu timaizemba. Tinazolowera kulandira amishonale, kutumiza ndiye ayi, ndipo pa tsiku lotsanzikana timalonjeza zambiri zimene pofika miyezi ya njala timaiwala. Paulo ankasoka mahema pamodzi ndi Akula ndi Priskila, ndipo mpingo wa ku Filipi unkamutumizira thandizo. Inu mahema anu ndi choko chimenecho. Musachitaye musanadziwe, molemba papepala, kuti akutumani ndani, azikupatsani zingati pamwezi, kwa zaka zingati, ndipo makwacha amenewo akasinthidwa kukhala mametikali agula chiyani. Mufunsenso ku ofesi ya maphunziro kuti penshoni yanu ikhala bwanji mukasiya ntchito pa msinkhu umenewu.

Chimene ndingachite nditakhala inu n'chotere. Sabata ino ndikaonana ndi abusa a pampingo, n'kuwapempha kuti nkhaniyi ikafike kwa akulu a mpingo. Akaseka, aseke, koma abusa ambiri amene ndimawadziwa amasangalala akamva dikoni akufunsa za ntchito ya Mulungu m'malo mwa za udindo. Ndingawapemphe kuti andipatse nyumba ya mapemphero yakutali, ija alaliki amaikana chifukwa cha mapiri, ndiziyendako pa njinga kwa chaka. Ndingayambe kuphunzira Chiyao kwa mnansi, ndi maphunziro a zaumulungu kudzera ku TEEM, amene munthu amaphunzira ali pantchito. Za ku sukulu ya ubusa ya Josophat Mwale ku Nkhoma kapena ya ku Zomba zingabwere pambuyo ngati Sinodi itaona choncho. Pa holide yaikulu ya mu Ogasiti ndingatenge pasipoti ndi kalata ya mpingo, kudutsa pa Chiponde kulowa ku Mandimba, n'kukakhala milungu ingapo kwa mbusa wa kumeneko, kudya zimene amadya, kumufunsa ngati akufuna munthu ngati ine ndiponso kuti boma la kumeneko limafuna mapepala anji kwa mlendo wodzagwira ntchito ya mpingo. Ulendo wachiwiri ukhale wa nthawi ya dzinja, misewu itaipa, ndipo mayi akunyumba apite nawo ngati angafune.

Za Yona musadandaule. Iye anauzidwa momveka kuti apite ku Nineve, n'kukwera chombo cholowera ku Tarisi. Munthu amene akuphunzira chiyankhulo ndi kufunsa mpingo wake sakuthawa. Koma konzekeraninso yankho lina. Munthu uja Yesu anamutulutsa ziwanda kudera la Agerasa anapempha kuti apite naye limodzi, Yesu n'kumukaniza, kumuuza kuti abwerere kwawo akafotokozere abale ake (Marko 5:19). Akulu a mpingo akadzakuuzani kuti malo anu ndi ku Dedza konko, musadzasamukire mpingo wina pofuna amene angavomereze zofuna zanu. Mudzafunse ngati pali mlaliki wa ku Niassa komweko, wodziwa kale Chiyao ndi Chipwitikizi, amene mpingo wanu ungamamuthandize ndi njinga, Mabaibulo ndi kangachepe mwezi ndi mwezi, ndipo inu mudzatsogolere ntchito yosonkhetsa thandizolo.