Kwa achimwene ofunsa ngati agulitse pulogalamu yawo kapena aigawe ulere

Achimwene, mwati mwapanga nokha pulogalamu ya pafoni yolembera katundu ndi ngongole za makasitomala pabizinesi zing'onozing'ono. Anzanu ayiyesa ndipo akuitama, ndiye mwaima pamphambano: muyambe kuigulitsa, kapena muigawe ulere kuti itchuke kaye? Ine ndikuti ikani mtengo, ndipo muuike panopa.

Matamando a anzanuwo asakupusitseni. Mnzanu akati ntchito mwaigwira, akuyamikira inuyo ndi tulo timene munadzimana, osati pulogalamuyo. Amene angakuuzeni zoona ndi munthu wosakudziwani, wopanda nanu chisoni, amene watulutsa ndalama yake chifukwa watopa ndi kusowa kwa kope la ngongole. Ambiri adzakuuzani kuti adzagula mukadzawonjezera chakutichakuti. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Anthu asanu olipira lero akuphunzitsani zambiri kuposa chikwi cha ongotsitsa n'kuiwala.

Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti chaulere chimadyera mwini wake. Taganizani: munthu wasintha foni, watsegula pulogalamu yanu, wapeza ngongole zonse za makasitomala ake palibe. Usiku womwewo akuimbirani, mawu akunjenjemera, chifukwa mmenemo ndi momwe munali mpamba wake wonse. Simungamuyankhe kuti paja munatenga ulere. Mudzadzuka, mudzatsegula kompyuta, mudzasakasaka mpaka mbandakucha. Kuwonjezera apo, Android imatuluka yatsopano chaka ndi chaka, ndipo Google Play, sitolo ya mapulogalamu a mafoni a Android, imafuna kuti mapulogalamu azikonzedwanso kuti agwirizane nayo. Ngati muli ndi seva, kompyuta ya pa intaneti yosungirako zolembedwa, nayonso imalipiridwa mwezi ndi mwezi, kaya mwapeza ndalama kaya ayi. Mapulogalamu abwino ambiri amafera pamenepa. Mwini wake amatopa, amasiya kuyankha mauthenga, ndipo ovutika amakhala omwe anaikhulupirira aja. Ndiye kulipiritsa si dyera ayi, ndi njira yoti pulogalamuyo idzakhalepobe zaka zikubwerazi.

Sindikunena kuti munthu alipire asanaone chimene akugula. Mulawitseni. Njira imeneyi ndi yakale ndithu: mu 1993 kampani ya id Software inagawa ulere gawo loyamba la masewera a Doom, wofuna magawo otsalawo n'kumalipira. WinRAR, pulogalamu yapakompyuta yopanikizira mafayilo, mpaka lero imapereka masiku 40 oyesera. Inunso mungatero, mwachitsanzo munthu alembe makasitomala 20 oyamba osalipira, akafuna kupitirira apo alipire. Pofika pamenepo amakhala wazolowera, ndipo akudziwa yekha ngati ikumuthandiza.

Apa samalani ndi lamulo lina la Google Play limene limadzidzimutsa anthu. Pulogalamu yolipira mungathe kuisandutsa yaulere, koma imene munaiika ngati yaulere simungadzaisandutsenso yolipira, pokhapokha muikenso ina ngati yatsopano n'kuyambiranso kusonkhanitsa anthu. Chimene chimaloledwa ndi kulipiritsa mkati mwa pulogalamu yaulereyo. Choncho malo olipirira amangeni kuyambira pachiyambi, ndipo anthu adziwiretu. Munthu amene wazolowera chinthu chaulere kwa chaka, mukadzamuuza za mtengo amaona ngati mwamubera.

Wina anena kuti nanga WhatsApp bwanji, si yaulere? Inde, koma kumbukirani kuti inkalipiritsa dola imodzi pachaka, ndipo inasiya mu 2016, Facebook itaigula kale mu 2014. Zaulere zikuluzikuluzi zili ndi wina kumbuyo amene akulipira. Inu kumbuyo kwanu kuli ndani? Zoika zotsatsa malonda mkati mwa pulogalamu nazonso musazidalire. Zimabweretsa ndalama yooneka pokhapokha ogwiritsa ntchito akachuluka zedi, ndipo munthu amene ali ndi kasitomala pamaso pake safuna kudikira kanema wotsatsa kuti alembe ngongole.

Musanalandire ndalama ya munthu, onetsetsani kuti chimene mukugulitsacho ndi chanudi. Ngati munatengako code ya ena pa intaneti (malangizo olembedwa amene amapanga pulogalamu), werengani laisensi yake, yomwe imanena zimene mukuloledwa kuchita nayo. Laisensi yotchedwa MIT imalola kugulitsa, bola musachotse mawu osonyeza eni ake. Ya GPL nayo siletsa kugulitsa, koma imafuna kuti amene mwamupatsa pulogalamuyo athe kulandiranso code yake pansi pa laisensi yomweyo. Ndipo ngati munkailemba nthawi ya ntchito, pakompyuta ya abwana, kawerengeni kalata yanu ya ntchito, chifukwa nthawi zambiri zopangidwa motero zimakhala za kampani. Nkhani imeneyi imawawa ikatulukira ndalama zitayamba kulowa.

Za masitolo a mapulogalamu ndinene mwachidule. Kulembetsa ku Google Play ndi madola 25 kamodzi kokha, kwa Apple ndi madola 99 chaka chilichonse. Pa zimene mwagulitsa, opanga ang'onoang'ono amadulidwa 15 pa 100 iliyonse, ngakhale muyenera kuchita kupempha kuti mulowe m'gulu limenelo, apo ayi ndi 30. Si maiko onse amene Google imalola kutsegula akaunti yolandirira ndalama, ndiye yambani mwafufuza za komwe muli musanamange chiyembekezo pamenepo.

Mwina padzabwera munthu wofuna kugula pulogalamu yonse, ndi code yomwe. Kumeneko ndi kugulitsa kwina. Kugulitsa chilolezo choigwiritsa ntchito ndiye kuti mwini mukadali inu, ndipo mawa mugulitsanso kwa wina. Mukapereka code ndi umwini, ndalama mwalandira kamodzi basi, ndipo mwina simudzaloledwanso kupanga yofanana nayo. Panopa, pomwe mulibe olipira oti muwaonetse, akupatsani mtengo wonyozeka. Dikirani. Ndipo tsiku limenelo likadzafika, zonse zilembedwe papepala.

Kutsatsa nako n'kofunika, chifukwa chinthu chosadziwika sichigulidwa, koma ndalama zolipira Facebook zisungeni kaye. Pezani anthu khumi ochita malonda amene si abale anu. Mpatseni munthu foni, mumuuze kuti alembe ngongole ya kasitomala mmodzi, inu mukhale chete, manja kumbuyo. Muona chala chake chikuzungulirazungulira kusaka batani limene inu mumaliona ngati loonekeratu. Mtima ufuna kumulozera, koma piririrani, chifukwa pomwe wakakamirapo ndi pomwe pakufunika kukonza. Mukakonza, jambulani kakanema kafupi koonetsa ntchito imodzi yokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza, muike m'magulu momwe anthu amalonda amachezera. Ndipo amene wakhutira mumupemphe akutchulireni mnzake mmodzi.

Pali chinthu chimodzi simunatiuze: kodi zolembedwazo zimasungidwa m'foni momwemo kapena pa seva yanu? Ngati zili m'foni, mungathe kulipiritsa kamodzi, koma mupange njira yoti munthu azisungira kwina foni ikatayika. Ngati zili pa seva, lipiritsani pamwezi kapena pachaka, chifukwa nanunso mukulipira choncho, komanso dziwani kuti mwasenza udindo wosunga mayina ndi ngongole za anthu ena mwachinsinsi. Tayankhani zimenezo, kenako tikambirane za mtengo weniweniwo.