Mwana wanga walephera funso la kutsokomola, kodi asiye kosi?

Mayi wina wa ku Luchenza walemba kuti mwana wake wamkazi, amene ali chaka choyamba cha maphunziro a clinical officer, walephera mayeso a anatomy, phunziro la kapangidwe ka ziwalo za thupi. Funso limene linamugwetsa linali loti afotokoze mitsempha ndi minofu imene imagwira ntchito munthu akamatsokomola. Mwanayo akuti mayina achuluka, sakukhala m'mutu, ndipo mayiwo akufunsa ngati si bwino kumuchotsa fizi ina isanapite pachabe.

Mayi, musamuchotse. Ana ambiri amene amagwa pa anatomy amaloweza mayina ngati mndandanda wa zogula, osadziwa kuti dzina lililonse likuchita chiyani m'thupi. Muwerengereni zimene zili pansizi, kapena mumpatse awerenge yekha.

M'Chichewa timati mtsempha ponena za wodutsa magazi komanso wonyamula mauthenga. Apa tikunena wa mauthenga. Kutsokomola kumayamba pamene fumbi, utsi wa nkhuni, makhololo kapena kanyenyeswa ka nsima kakhudza m'kati mwa kholingo, mu mpope wa mpweya, makamaka pamphambano pamene mpopewo ugawikana kulowera m'mapapo awiri. Uthenga umakwera kudzera mu vagus, mtsempha wa nambala 10 mwa 12 imene imachokera mu ubongo, n'kukafika pa medulla, kumunsi kwa ubongo. Kumeneko ndi kumene lamulo limatuluka, ndipo limatsika m'njira zitatu.

Njira yoyamba ndi phrenic, wochokera m'khosi pa C3, C4 ndi C5 (C amaimira mfundo za msana za m'khosi, kuwerenga kuchokera pamwamba). Umenewu umakoka diaphragm, mnofu waukulu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, kuti utsike, ndipo minofu ya pakati pa nthiti imakweza nthitizo, mpweya n'kudzaza. Kenako njira yachiwiri, recurrent laryngeal, nthambi ya vagus yomweyo, imatseka pakholingo kwa kanthawi kosakwana theka la sekondi. Chitseko chili chotseka chomwecho, minofu ya pamimba, yolamulidwa ndi njira yachitatu, mitsempha yochokera ku msana kuyambira T7 mpaka T12 ndi L1 (T ndi mfundo za msana za pamene pali nthiti, L ndi za m'munsi mwake), imafinya mwamphamvu pamodzi ndi minofu ya m'kati mwa nthiti. Pakholingo pakatseguka mwadzidzidzi, mpweya umatuluka ndi liwiro n'kukokolola makhololo. Mwanayo aike dzanja pamimba pake atsokomole, amva pakulimba ngati thabwa. Pamenepo wagwira minofu ya pamimba ija, rectus abdominis ndi ma oblique, ndi dzanja lake, sadzawaiwalanso.

Chimene chimamangirira mayinawa m'mutu ndi kudziwa chimene chimachitika mbali imodzi ikawonongeka, ndipo ndi zimenezi zimene adzakumana nazo mu wodi.

Mnyamata wagwa pa njinga yamoto ya kabaza, wathyoka khosi m'munsi mwa C5. Akupuma, chifukwa phrenic sanakhudzidwe, koma minofu ya pamimba ndi ya nthiti yafooka. Akati atsokomole, kamangomveka kampweya chabe. Makhololo amadikha m'mapapo, masiku angapo chibayo chalowa. Ndiye chifukwa chake a physiotherapy, othandiza odwala ndi mafizo, amaika manja m'munsi mwa nthiti za wodwalayo n'kukankhira m'kati ndi m'mwamba pa nthawi yeniyeni imene akutulutsa mpweya, manjawo kugwira ntchito ya minofu yofooka ija. Kuvulala kukakhala pamwamba pa C3, diaphragm nayonso imaima, munthu amafunika makina opumira.

Wina wachitidwa opareshoni ya chithokomiro, wadzuka mawu atasasa, kutsokomola kwake kopanda mphamvu. Recurrent laryngeal amadutsa kuseri kwa chithokomirocho, ndipo akavulala pakholingo sipatsekeka bwino. Wa kumanzere amatsika mpaka m'chifuwa, kuzungulira pansi pa mtsempha waukulu wa magazi wa aorta asanakwerenso, motero chotupa cha m'mapapo chingamupanikize. Munthu wosuta fodya amene mawu ake asasa kwa masabata osabwerera, clinical officer wodziwa njira imeneyi samubweza ndi mankhwala a chimfine.

Agogo amene adwala sitiroko nthawi zina phala limalowera ku mapapo iwo osatsokomola n'komwe, chifukwa uthenga sukuyenda bwino. Owasamalira amasangalala kuti sakutsamwa, pamene ngozi ili pomwepo. Palinso odwala BP amene akumwa enalapril kapena captopril, amabwera ndi chifuwa chouma chosatha, mapapo ali bwinobwino, mankhwalawo ndi amene akutekenya mitsempha ya mu mpope. Ndipo mwanayo akadzaona munthu akutsokomola potokosa m'khutu ndi nthenga ya nkhuku, adziwe kuti vagus ali ndi kanthambi kofika m'khutu. Koma chifuwa chopitirira masabata awiri, choyamba ndi kuyeza makhololo ngati muli TB.

Tsopano zoti achite. Atenge pepala loyera tsiku lililonse, ajambule njira yonse kuchokera pakholingo kukafika ku medulla n'kutsika, buku lili chotseka, kenako atsegule aone pamene wasochera. Akatha, adule mtsempha umodzi ndi cholembera chofiira n'kunena mokweza zimene wodwalayo angaoneke nazo. Aphunzitseko mnzake, m'Chichewa momwe. Kaphunziridwe kameneka kamagwiranso pa kumeza, kukodza ndi kuyenda.

Inu mayi, funsani kusukuluko malamulo a mayeso obwereza, tsiku lake ndi ndalama zake, mulembe. Ngati mwanayo aona kuti mtima wake uli pa minofu ndi mitsempha yomweyi, physiotherapy imaphunzitsidwa ku Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre, koma kumenekonso anatomy ndiyo imayamba, ndipo ndi yochuluka kuposa imene akulimbana nayo panopa.