Achimwene, za laputopu ya magemu ija, mumve kaye musanalipire

Eee, achimwene, mwaswera bwanji? Funso lanu ndaliona pagulupu pano, koma kuti ndilembe zonse ndi chala pangatenge nthawi, ndiye ndangoti ndijambule mawu. Ena nonse amene za makompyuta sizikukukhudzani, pepani, mutha kungodumpha. Mwati mwapeza malaputopu awiri, onse alembedwa RTX 4070, lomwe ndi dzina la graphics card yake, kadi yojambula zithunzi za gemu, ina ndi yopyapyala ya mainchesi 14, inayo ndi yonenepa ya mainchesi 16, ndiye mukufunsa ngati mphamvu zake ndi zofanana. Mwafunsanso ngati mungagule yotsikirapo panopa, chaka chamawa n'kudzasintha graphics card. Ndiyamba ndi lachiwirili, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amalirira.

Sizitheka, achimwene. Chonde imeneyi muigwire. Mu laputopu, graphics card ndi purosesa amachita kuziwotcherera pa bolodi. Si ngati kompyuta ya patebulo ija yoti mumatsegula, kuzula kadi n'kulowetsa ina ayi. Ilipo kampani ina, Framework, laputopu yawo ya mainchesi 16 gawo la graphics limachotseka, koma zoterezo n'zosowa kwambiri. Mwa malaputopu ambiri a magemu, zomwe mungasinthe ndi RAM (memore yogwirira ntchito), SSD (mosungira mafayilo ndi magemu), kakadi ka Wi-Fi, ndi batire ikatha. Basi. Ndiye ndalama zanu zipite kaye pa zinthu zimene simudzazisinthanso: graphics, sikilini, ndi mmene makinawo amatulutsira kutentha. RAM ndi SSD zikhoza kudikira.

Tsopano za awiri aja. Dzina ndi limodzi, koma dzina lokha silinena zonse. NVIDIA, kampani yopanga makadiwa, inalola opanga malaputopu kusankha okha magetsi amene kadiyo izidya. RTX 4070 ya mu laputopu imatha kuikidwa kuyambira mawati 35 mpaka 115, ndipo pali kanjira kena kotchedwa Dynamic Boost kamene kamabwereka mawati ena mpaka 25 kuchoka ku purosesa, ndiye imafika 140. Taonani kutalikirana kwake, 35 ndi 140, koma pa bokosi palembedwa chimodzimodzi. Yopyapyala ija nthawi zambiri amaipatsa ochepa, chifukwa mulibe malo a mafani aakulu ndi mapaipi ambiri ochotsa kutentha. Ndiye mufunse nambala imene amaitchula TGP, kapena maximum graphics power. Wogulitsa akakhala kuti sakuidziwa, muyatse makinawo, mutsegule NVIDIA Control Panel, mupite pa System Information, ili pomwepo. Koma ndinene chilungamo, 4070 ikadutsa mawati ngati 100, zomwe mumawonjezera zimakhala zochepa kwambiri. Choncho musavutike kusaka ya 140 yeniyeniyo. Muope ija ya 50, ya 60, imeneyo ndiye mudzaimva kusiyana kwake.

Musaiyerekezenso ndi kadi ya dzina lomwelo ya kompyuta ya patebulo. RTX 4090 ya mu laputopu, imene inatuluka 2023, chipu chake ndi chija chili mu 4080 ya patebulo. Ili ndi memore ya 16GB pomwe 4090 ya patebulo ili ndi 24GB, ndipo imalekezera mawati 175 pomwe inzakeyo imadya 450. Ndi makina abwino ndithu, koma mukamaonera mavidiyo a anthu akuyesa magemu, muzionetsetsa kuti akuyesa ya mu laputopu.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine pa 4070 ndi memore yake, VRAM ija. Ili ndi 8GB yokha, chimodzimodzi 4060. Sikilini ya mainchesi 16 kawirikawiri imakhala 2560 kwa 1600, ndipo magemu atsopano akuluakuluwa mukawakweza mpaka kumapeto, 8GB imadzadza. Ikadzadza gemu imayamba kudodoma, makoma ndi nkhope zimachedwa kuoneka bwino, ndipo palibe chomwe mungawonjezere chifukwa memoreyo nayo ndi yowotcherera. Mwanena kuti mukufuna makina okhala nawo zaka zinayi kapena zisanu. Ine ndikadakhala inu, ndikadadikira pang'ono n'kupeza ya 12GB, kaya 4080, kaya 5070 Ti mwa zija zinatuluka 2025. Pamwamba pake pali 5080 ya 16GB ndi 5090 ya 24GB, koma pa magemu mumasewera inu sindikuona chifukwa chofikira kumeneko. Ndipo musakopeke ndi purosesa yaikulu, i9 kaya chiyani, yophatikizidwa ndi graphics yaing'ono. Pa magemu ambiri katundu wolemera amasenza ndi graphics. Bola i7 kapena Ryzen 7 yokhala ndi kadi yabwino.

Sikilini muione ndi maso anu ngati n'kotheka. Ma Hz, kutanthauza kangati sikilini imasintha chithunzi pa sekondi, akakhala ambiri, 165 kapena 240, ndi bwino, koma ena amaika nambala yaikulu pa sikilini yofuwa. Mukaona palembedwa 45% NTSC, isiyeni, mitundu yake imaoneka ngati nsalu yosuluka. Mufune ya 100% sRGB kupita m'mwamba. Mufunsenso ngati ili ndi MUX switch kapena Advanced Optimus. Kameneka kamachititsa kuti chithunzi chichoke pa kadi yaikulu n'kupita pa sikilini mwachindunji, osadzera pa graphics yaing'ono ya mu purosesa, ndiye gemu imathamangako.

Za RAM, apa yopyapyala ija muisamale. Zopyapyala zambiri RAM yake ndi LPDDR5X yowotcherera, mukagula ya 16GB mudzafa nayo 16GB yomweyo. Yonenepayo mwachidziwikire ili ndi malo awiri olowetsa timitengo ta DDR5. Timitengoto tizikhala tiwiri tofanana, osati kamodzi kakakulu, chifukwa tikakhala tiwiri purosesa imatunga mbali zonse nthawi imodzi. 16GB ikukwanira kuyambira, 32GB ndiye mumapuma bwino. Ndipo DDR4 silowa pa malo a DDR5, kamphako kake kali posiyana, musadzakakamize. SSD ndi ija ya M.2 2280. Muone ngati pali malo achiwiri, popeza masiku ano gemu imodzi imatha kudutsa 100GB, ndiye 512GB sichedwa kudzadza. Tsiku lomwe mudzatsegule pansi pake, chinthu choyamba muzule waya wa batire pa bolodi musanagwire china chilichonse. Kasikuluu kamodzi kakagwera pa bolodi ili ndi moto, makina onse apita. Muwerengenso kaye pepala la walanti kuti likuti chiyani pa zotsegula.

Tsopano mbali imene ndimaikonda, yokonza kuti izithamanga bwino. Anthu akangogula amathamangira overclock, kukweza liwiro la chipu kupyola pomwe anachiikira. Koma mu laputopu mdani wanu ndi kutentha, achimwene, osati kuchepa kwa liwiro. Purosesa za Intel zambiri zikayandikira madigiri 100 zimadzibweza zokha kuti zisapse, ndipo graphics ya NVIDIA imachita chimodzimodzi pa madigiri 87. Ikadzibweza, ndi pomwe gemu imayamba bwinobwino kenako pakapita mphindi makumi awiri n'kuyamba kukoka miyendo. Ikani pulogalamu yotchedwa HWiNFO, ndi yaulere, musewere theka la ola, kenako muone nambala zapamwamba zimene yalemba. Mukatero mukudziwa chomwe mukulimbana nacho.

Zoyamba kuchita sizifuna luso. Kwezani kumbuyo kwake ndi kanthu kuti mpweya uzilowa pansi, ndipo pabedi kapena pa pilo ayi ndithu. Kenako muikire gemu malire a mafelemu, zithunzi zija imatulutsa pa sekondi. Ngati ikutulutsa 200 pa sekondi pomwe inu 90 kapena 120 ikukukwanirani, enawo ndi moto ndi phokoso chabe. Muyatsenso DLSS pamene ilipo, ndi njira ya NVIDIA yojambula chithunzi chaching'ono n'kuchikulitsa mwanzeru, imapeputsa ntchito kwambiri ndipo chithunzi chimakhalabe chabwino.

Kenako pali undervolt, kutanthauza kuchepetsa pang'ono volteji imene chipu chikulandira koma liwiro likhale lomwelo. Pa graphics timagwiritsa ntchito MSI Afterburner, pa purosesa ya Intel pali ThrottleStop kapena Intel XTU. Kungoti kuyambira pomwe anatulukira vuto la chitetezo lotchedwa Plundervolt kumapeto kwa 2019, malaputopu ambiri anawatsekera zimenezi. Mapurosesa othera ndi HX ndi amene kawirikawiri amalolabe. Muzitsitsa pang'onopang'ono, kuyesa, kutsitsanso. Ikazima yokha kapena gemu ikatsekeka, mwapyola, bwererani sitepe imodzi. Kuchepetsa volteji sikuwotcha chipu, n'chifukwa chake ndimakulimbikitsa kuposa overclock.

Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira. Laputopu yanga ija itatha zaka ziwiri inayamba kulira ngati ikufuna kuuluka, magemu n'kumadodoma. Mtima unandipweteka, ndinkaganiza kuti yatha. Nditatsegula ndinapeza fumbi litapanga ngati kabulangete pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsa mpweya tija. Kunja sikuoneka konse. Ndinachotsa ndi kaburashi kofewa, fani nditaigwira ndi chala kuti isazungulire, ndipo tsiku lomwelo inabwerera mwakale. Kuyambira pamenepo ndimatsegula miyezi isanu ndi umodzi iliyonse.

Za kusintha phala la pa chipu, thermal paste ija, musathamangire makina akadali atsopano. Ndipo muyambe mwafufuza chomwe anaikamo. Malaputopu ena apamwamba, monga ambiri a ASUS ROG, amaikamo liquid metal. Imeneyo imachotsa kutentha bwino kwambiri, koma imadutsa magetsi, ndiye kadontho kamodzi kakatayikira pa bolodi kamawononga, komanso imadya aluminiyamu. Imeneyo musaigwire nokha, mudzandiitane. Ikakhala ya phala wamba ndipo lauma, chabwino chomwe ndikuchidziwa ndi PTM7950 ya Honeywell. Imabwera ngati kapepala, ikatentha imafewa n'kudzaza mipata yonse, ndipo simathawira m'mbali msanga ngati phala lina.

Kamodzi kotsiriza, batire. Musayembekezere kusewera osalumikiza ku magetsi. Mabatire ake salumpha 99.9Wh chifukwa malamulo a m'ndege amaika malire pa 100Wh, pomwe makinawo akamagwira ntchito mwamphamvu amatha kudya mawati opitirira 200. Mukazula chaja liwiro limagwa nthawi yomweyo. Chaja chake chenicheni ndi chija cholemera, cha mawati 230, 280 kapena 330. Cha USB-C cha mawati 100 n'chothandiza polemba ndi kuonera mafilimu, osati pa gemu. Popeza izikhala pa chaja nthawi zambiri, mulowe mu pulogalamu ya kampani yake muike kuti batire izilekera pa 80%, imakhalitsa.

Ndiye pa awiri aja, ngati simuziyenda nayo tsiku ndi tsiku, ine ndikutsamira ku yonenepayo. Koma musalipire lero. Mutembenuze iliyonse, pansi pake pali kapepala ka nambala ya modelo, ija yaitali yosakaniza zilembo ndi manambala. Mujambule zonse ziwiri munditumizire, usiku uno ndifufuza mawati ake, mtundu wa sikilini ndi ngati RAM imachoka, mawa m'mawa ndikuyankhani.